Ngati tizilombo ta malungo sitilowa mu ubongo, chinamukomola mwana wanga n'chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mphunzitsi wina wa pulayimale amene amakhala kutsidya kwa Shire, chakufupi ndi Makhanga, ndipo wandilola kuti ndimuyankhire pano poti funso lake lili m'mitima ya makolo ambiri m'chigwa chathu chino. Analemba kuti: "Mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi anadwala malungo aakulu mwezi wa February, anakomoka masiku atatu, ndipo mwa chisomo cha Mulungu anatsitsimuka. Koma kuyambira pamenepo wagwa kawiri ngati wa khunyu, ndipo kalankhulidwe kake kabwerera m'mbuyo. Adokotala anandiuza kuti tizilombo ta malungo sitilowa mu ubongo weniweniwo, timangokhala m'magazi. Ngati zili choncho, chinamukomola n'chiyani? Achibale ena akuti mawu a adokotalawo akutsimikiza kuti matendawa sanali a kuchipatala, pali dzanja la munthu."

Aphunzitsi, choyamba ndikupepeseni inu ndi mayi a kunyumba pa zimene mwaona miyezi imeneyi. Adokotala aja ananena zoona. Tizilombo ta malungo timakhala m'kati mwa maselo ofiira a magazi, maselowo amakhala m'kati mwa mitsempha, ndipo tizilomboto sitituluka kukasakanikirana ndi maselo a ubongo. Achibale anu amva mawu oona koma awamasulira molakwika, chifukwa palibe anawauza za kakhoma kena kamene kali pakati pa magazi ndi ubongo, kopyapyala moti diso silingakaone, komwe moyo wa ubongo wonse umadalira. Matenda a mwana wanu anachitikira pa kakhoma kameneko, choncho ndiloleni ndikafotokoze bwinobwino ndisanafike pa malungowo.

Mtsempha uliwonse wa magazi m'thupi la munthu, kuyambira waukulu wotuluka mu mtima mpaka waung'ono kwambiri, uli ndi maselo opyapyala amene anayalidwa m'kati mwake, monga mmene amayalira simenti m'ngalande za mthirira kuti madzi asalowerere m'nthaka. Madokotala amawatchula maselowa kuti endothelium. Mu ubongo timitsempha ting'onoting'ono ndi tochuluka zedi, ndipo akatswiri amawerengera kuti titalumikizidwa kukhala chingwe chimodzi tingatalike makilomita pafupifupi 600, mtunda woposa wochokera ku Nsanje kukafika ku Lilongwe. N'topapatiza moti maselo ofiira amadutsamo limodzilimodzi, ngati anthu otsatizana pa kanjira ka kudimba. Tachuluka chonchi chifukwa ubongo, ngakhale umangolemera magawo awiri pa magawo 100 a thupi la munthu wamkulu, umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mpweya wa okosijeni umene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo ulibe nkhokwe yosungiramo chakudya cha mawa.

Kusiyana kwa timitsempha ta mu ubongo ndi ta kwina kuli pa mmene maselo oyalidwawo agwiranirana. M'chiwindi muli mipata yeniyeni pakati pawo, ndipo m'minofu agundana koma mosalimba, ngati mpanda wa bango umene umaletsa mbuzi koma anapiye, fumbi ndi mphepo zimadutsa. Mu ubongo selo lililonse lasokedwa kwa linzake m'mbali monse ndi mapuloteni apadera, ndipo wofunika kwambiri mwa iwo amatchedwa claudin-5, kotero kuti pakati pawo sipadutsa ngakhale mchere wosungunuka m'madzi. Kunja kwake kwakumbatiridwa ndi maselo ena otchedwa pericyte, kenaka ndi timapazi ta maselo ooneka ngati nyenyezi otchedwa astrocyte, ndipo awiriwa ndi amene amalamula maselo oyalidwa aja kuti akhale othithikana chotere. Zonsezi pamodzi ndi zimene mabuku a zachipatala amazitchula kuti blood-brain barrier, ife tinene kuti khoma la pakati pa magazi ndi ubongo.

Poti ndinu mphunzitsi, ndikhulupirira mukonda kudziwa mmene khomali linadziwikira. M'chaka cha 1885 katswiri wa ku Germany, Paul Ehrlich, anabaya utoto m'magazi a nyama ndipo anaona kuti ziwalo pafupifupi zonse zasintha mtundu kupatula ubongo. Iye anaganiza kuti ubongo sugwira utoto. Wophunzira wake, Edwin Goldmann, m'chaka cha 1913 anabaya utoto wa buluu m'madzi ozungulira ubongo, ndipo ulendo uno ubongo ndi umene unasintha mtundu, thupi lonse n'kukhala mmene linalili. Apo zinaonekeratu kuti pali chotchinga, koma panapita zaka zoposa 50 anthu akukangana za pamene chili. Mu 1967 Thomas Reese ndi Morris Karnovsky, pogwiritsa ntchito maikulosikopu yamphamvu yoyendera magetsi, anaona puloteni imene anabaya m'magazi a mbewa itaima ndendende pa msoko wa pakati pa maselo oyalidwa m'timitsempha. Chotchingacho sichinali chikopa china chapadera chokuta ubongo, chinali maselo omwewo a m'kati mwa mitsempha.

Khoma lopanda khomo likanapha ubongo ndi njala, choncho maselowa ali ndi timakomo tosankha. Shuga amalowetsedwa ndi puloteni yotchedwa GLUT1, zomangira thupi zili ndi makomo akeake, ndipo okosijeni amangodutsa yekha. Zinthu zing'onozing'ono zosungunuka m'mafuta zimaboola maselowo popanda kupempha, ndipo n'chifukwa chake kachasu ndi chikonga cha mu fodya zimafika kumutu msanga, komanso n'chifukwa chake Piriton amagonetsa tulo. Palinso timapampu, kodziwika kwambiri kakutchedwa P-glycoprotein, timene timagwira mankhwala ena akangolowa m'selo n'kuwabweza m'magazi. Mankhwala a ivermectin, amene amagawidwa ku Thyolo ndi ku Mwanza polimbana ndi matenda a khungu ndi maso ofalitsidwa ndi tintchentche ta m'mitsinje, amapha nyongolotsi poumitsa minyewa yake, koma munthu samuvulaza chifukwa kapampu kameneka kamawatsekera kunja kwa ubongo. Mu 1994 ofufuza a ku Netherlands anaona mbewa zobadwa zopanda kapampuka zikufa ndi mlingo wa ivermectin umene mbewa zinzake sizinaumve n'komwe. Chitetezo chonsechi chilipo chifukwa maselo a ubongo amatumizirana uthenga ndi mphamvu yonga ya magetsi, imene imadalira kuti mchere wa m'madzi owazungulira usasinthesinthe. Mcherewo ukasokonekera, maselo amayamba kuwombera uthenga onse nthawi imodzi mosalongosoka, ndipo kumeneko ndiye kuphupha kumene timaona mwana akagwidwa ndi linjirinjiri.

Tsopano tifike pa malungo. Mtundu wa tizilombo umene umayambitsa malungo aakulu kuno kwathu ndi Plasmodium falciparum. Kachilomboka kakalowa m'selo lofiira kamakula kwa maola pafupifupi 48, kenaka selolo limaphulika ndipo ana ake amakalowa m'maselo ena. Mdani wake wamkulu ndi kapamba, amene amasefa magazi n'kuchotsa selo lililonse louma kapena lopunduka. Pofuna kuzemba kapamba, kachilombo kakafika theka la msinkhu wake kamatulutsa puloteni yomata yotchedwa PfEMP1 n'kuiika kunja kwa selo lofiiralo, pa timatuza timene timamera pamenepo, ndipo selolo limakamatirira ku maselo oyalidwa m'timitsempha monga ulimbo umagwirira mbalame. Limakhala pomwepo mpaka kachilombo katakhwima, osadutsanso kwa kapamba. Kachilombo kalikonse kali ndi mitundu pafupifupi 60 ya puloteni yomatayi ndipo kamatha kusinthasintha. Mitundu ina imamata m'malo osaopsa kwenikweni, ina imamata mu nsengwa ya mayi woyembekezera, ndipo ina imakonda timitsempha ta mu ubongo. Apa ndi pamene pali yankho la funso limene makolo ambiri amadzifunsa, loti bwanji ana awiri a nyumba imodzi, olumidwa ndi udzudzu wa dambo limodzi, wina anachira ndi mankhwala a LA ali kunyumba pomwe wina anakomoka. Mtundu wa puloteni yomata, kuchuluka kwa tizilombo, ndi chitetezo chimene thupi la mwanayo linali litapeza kale, ndi zimene zimasiyanitsa, ndipo mwana wosakwana zaka zisanu amakhala asanakumane ndi mitundu yambiri.

Maselo ofiira akamatirira mazanamazana m'kamtsempha kamene kale komwe kankangodutsa selo limodzi pa nthawi, magazi amayenda movutikira ndipo okosijeni ndi shuga zimachepa kutsogoloko. Koma choopsa kwambiri si kutsekeka kokha. Mu 2013 zinadziwika kuti mitundu ya PfEMP1 yoyambitsa malungo oopsa imagwira pa puloteni ya pa maselo oyalidwawo yotchedwa EPCR. Ntchito ya EPCR ndi kuthandiza kuti magazi asaundane pa khoma la mtsempha komanso kukhazika maselowo mtima pansi kuti asatupe. Chaka chomwecho kafukufuku wa Christopher Moxon ndi anzake, wochitika pa ana a ku Malawi, anasonyeza kuti pamalo pamene maselo odwala amatirira EPCR imasowa ndipo timibulu ta magazi oundana timapezeka pomwepo, komanso kuti mitsempha ya mu ubongo imakhala ndi EPCR yochepa ngakhale munthu ali bwino. Ndiye kuti kachilombo kamagwira mlonda weniweni wa pa khomalo, pamalo pamene alonda anali ochepa kale. Maselo oyalidwa aja amakwiya, misoko imamasuka, madzi ndi mapuloteni a m'magazi zimayamba kuchuchira mu ubongo, ndipo timitsempha tina timang'ambika n'kusiya timadontho ta magazi. Ife a kuchigwa sitisowa chitsanzo: pamene Shire ndi Ruo zinasefukira mu 2015, ng'ona zambiri sizinachite kulowa m'nyumba kuti midzi iwonongeke, gombe litagumuka madzi okha anakwanira.

Zambiri mwa zimene dziko lonse likudziwa pa nkhaniyi zinapezeka pamwamba pa zitunda zathuzi, ku chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, ndipo ine ndimaona kuti Amalawi tiyenera kuzidziwa chifukwa ana ndi makolo amene anavomera kulowa m'kafukufukuyo ndi athu. Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba ntchitoyi kumeneko m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1989, pamodzi ndi Jack Wirima ndi Ankie Borgstein, anafalitsa njira yoyezera kuya kwa chikomokere cha mwana wosatha kulankhula, poona maso ake, kulira kwake ndi mmene akusunthira akamva kupweteka. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Score, imayambira pa 0 kufika pa 5, ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri mpaka lero. Dokotala wa maso Susan Lewallen anapeza kuti poyang'ana kuseri kwa diso la mwana wokomoka, kumene kuli timitsempha tofanana ndi ta mu ubongo, munthu angaone timitsempha tayera kapena tasanduka mtundu wa lalanje ndi timadontho ta magazi, zomwe ndi chithunzi cha zimene zikuchitika m'mutu. Zimenezi zinakhala zofunika kwambiri pamene kafukufuku wa mu 2004 anasonyeza kuti mwa ana 31 amene anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Pajatu kuno mwana angakhale ndi tizilombo ta malungo m'magazi koma chomukomola chili matenda oumitsa khosi kapena china, ndipo n'chifukwa chake madokotala amapempha kutenga madzi a pamsana ndi kuyeza shuga, zinthu zimene makolo ena amakana chifukwa cha mantha.

Funso lomwe linatsala linali loti chimapha anawo n'chiyani kwenikweni. Makina ojambula ubongo a MRI atafika pa chipatalachi mu 2008, Karl Seydel ndi anzake anajambula ana 168 okomoka ndi malungo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa ana 143 amene anachira, otupa chotero anali 39 okha. Chigaza sichifutukuka. Ubongo ukatupa umasowa kopita ndipo umakankhira pansi, n'kupanikiza tsinde lake pamene pali gawo lolamula kupuma, mwana n'kusiya kupuma mtima ukugundabe. Mwa amene anachira, kutupako kunaphwa pakapita masiku ochepa.

Mfundo yomalizayi ikukhudza mwana wanu mwachindunji. Khoma lija limapola. Tizilombo tikafa, maselo omatirira amachotsedwa, misoko imalimbanso, ndipo madzi amabwerera m'mitsempha, n'chifukwa chake mwana amene dzulo sankamva kutsinidwa mawa lake amadzuka n'kupempha phala. Koma maselo a ubongo amene anakhala nthawi yaitali opanda okosijeni wokwanira, kapena amene anatopetsedwa ndi kuphupha kosalekeza ndi kutentha thupi, sapola msanga chomwecho, ndipo ena amasiya chipsera. Kafukufuku wa pa makoswe wasonyezanso kuti puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin ikachuchira mu ubongo imasokoneza ma astrocyte kuti alephere kusunga mchere pa mlingo wake, ndipo malowo amatha kusanduka gwero la khunyu patapita nthawi. Gretchen Birbeck anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo ku Blantyre, ndipo mu 2010 analengeza kuti 12 mwa iwo anayamba khunyu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto lina, kaya la kulankhula, kuyenda, khalidwe kapena khunyulo. Zimene mukuona pa mwana wanu, Aphunzitsi, zinalembedwa kale m'mabuku kuchokera pa ana a dziko lino, ndipo zimatsata njira imene tingailondole kuyambira pa kulumidwa ndi udzudzu mpaka pa kugwa kwake. Palibe mpata m'njira imeneyi wofuna dzanja la munthu kuti nkhaniyo imveke.

Chimene chimandipweteka mtima pa matendawa n'chakuti mpaka pano palibe mankhwala otsimikizika okonza khoma likayamba kuchucha. Anayesa dexamethasone ku Thailand ndipo zotsatira za mu 1982 zinasonyeza kuti ankangotalikitsa chikomokere. Anayesa mannitol pa ana ku Uganda ndipo sanathandize. Chimene chilipo ndi kupha tizilombo msanga. Kafukufuku wa mu 2010 pa ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa anapeza kuti jakisoni wa artesunate amaposa kwinini: anamwalira ana 8.5 pa 100 alionse poyerekeza ndi 10.9, ndipo chifukwa chimodzi n'chakuti artesunate amapha tizilombo tikadali tating'ono, tisanayambe kumata. Ngakhale ndi chithandizo chabwino, mwa ana okomoka ndi malungo, 15 kapena 20 pa 100 alionse amamwalira. Choncho nkhondo yeniyeni ili pa maola a pakati pa kutentha thupi koyamba ndi mlingo woyamba wa mankhwala, ndipo kuno kumene mayi amayenera kufuna kabaza usiku, kapena kudikira bwato msewu utaduka nyengo ya dzinja, maola amenewo amatha mosazindikira. Tsiku limodzi lodikira kuona ngati Panado athandiza ndi theka la msinkhu wa kachilombo. Mwana wotentha thupi akayezedwe tsiku lomwelo kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi, ndipo akayamba kugona mosadzutsika, kukana kuyamwa, kusanza chilichonse kapena kuphupha, amugoneke chammbali, asamuthire madzi kapena mankhwala m'kamwa, ndipo anyamuke naye nthawi yomweyo. Komwe alipo, mankhwala a artesunate oika kumbuyo amaperekedwa kwa mwana wosakwana zaka 6 kuti amugulire nthawi ya panjira, koma salowa m'malo mwa ulendo wa kuchipatala.

Maselo omwewa ndi amene amaonongeka pang'onopang'ono mwa ife akuluakulu chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi fodya, mpaka munthu kuchita sitiroko kapena kuyamba kuiwalaiwala atakalamba, choncho inunso mukapita ndi mwana kuchipatala mukayezetse BP.

Za mwana wanu, mupite naye kuchipatala cha boma pamodzi ndi kabuku kake, musadikire kuti agwe kachitatu. Mulembe tsiku limene anagwa, kutalika kwa nthawi, mbali ya thupi imene inayamba kugwedezeka, ndiponso ngati thupi linali litatentha, chifukwa adokotala ayenera kusiyanitsa kuphupha kobwera ndi kutentha thupi ndi khunyu lenileni asanasankhe mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate. Mankhwala amenewa amadutsa khoma lija n'kukakhazika pansi maselo owombera mosalongosoka, ndipo ana ambiri amasiya kugwa akamamwa mosadumphitsa, koma kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Mupemphenso kuti amuyeze makutu, poti kubwerera m'mbuyo kwa kalankhulidwe nthawi zina kumayamba ndi kusamva bwino. Asakhale yekha pafupi ndi moto, pa chitsime kapena m'mphepete mwa mtsinje. Khunyu silipatsirana kudzera m'malovu kapena mu mpweya, choncho azidya ndi kusewera ndi anzake, ndipo inu ndi amayi ake muzimulankhulitsa, kumuimbira ndi kumufunsa mayina a zinthu tsiku lililonse, chifukwa ubongo wa mwana wa zaka zinayi ukadali ndi mphamvu yotsegula njira zatsopano kulambalala pamene panavulala.

Ngati ali ndi mng'ono wake wakhanda, katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi anakhala dziko loyamba kumupereka mu ndondomeko ya katemera wa ana pa 23 April 2019, m'maboma 11 kuphatikizapo Chikwawa ndi Nsanje, amaperekedwa kanayi: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. M'madera amene anayesedwa ku Malawi, Ghana ndi Kenya, ana ogonekedwa m'chipatala ndi malungo oopsa anachepa ndi 22 pa 100. Wachinayi uja ndi amene makolo ambiri amaiwala, ndipo katemerayu sachotsa kufunika kwa neti ngakhale usiku wa October pamene kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Bangula kumatulutsa anthu kukagona pabwalo. Achibale aja muwawerengere kalatayi, ndipo pa ulendo wa kuchipatala mutenge mmodzi mwa akuluakulu amene akukayikira kuti akadzifunsire yekha kwa adokotala. Mukabwerako mundilembere zimene akuuzani.